Mipando 40 ndi zaka 6: poyambira mkangano wa masapota a baseball ligi ikapuma

World Series, mpikisano womaliza wopezera akatswiri a ligi yayikulu ya baseball ku America (MLB), ikangotha mabwalo amatsekedwa, koma masapota ndiye amayamba kulankhula zenizeni. Wina akufuna timu igule woponya wa dzina, wina akuti mnyamata uja wa ku Double-A (ligi zazing'ono zimakwera motere: Single-A, High-A, Double-A, Triple-A, kenako ligi yayikulu) asakhudzidwe zivute zitani, wina wapsa mtima kale chifukwa wosewera wake wapamtima wamasulidwa timu osapezapo kanthu. Mkangano umenewu ndimaukonda, ndipo ndi umene umatifikitsa mu Febuluwale. Chondidandaulitsa n'chakuti ife timakangana za mayina, pamene akuluakulu a timu ali kalikiliki kuwerenga zinthu zina ziwiri: mipando ndi zaka. Mipando ilipo 40 yokha. Zaka zimene timu imakhala ndi mphamvu pa wosewera m'ligi yayikulu ndi 6. Pafupifupi chilichonse chimene timu ya MLB imachita pakati pa Novembala ndi Malichi chimachokera pa manambala awiriwa.

Pa masewero a tsiku ndi tsiku timu imaloledwa osewera 26, ndipo mwa iwo oponya sapitirira 13. Anthu 26 amenewa amatengedwa pa mndandanda waukulu wa anthu 40, ndipo aliyense amene ali ndi kontirakiti ya ligi yayikulu ayenera kukhala pamenepo. Sizoni ili mkati pamakhala popumira: wovulala kwambiri amalembedwa pa mndandanda wa ovulala wa masiku 60, mpando wake n'kutseguka. Ligi ikapuma mwayi umenewu umatha. Pasanathe masiku 5 World Series itatha, ovulala onse amabwerera pa mipando yawo, ngakhale amene anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu Ogasiti ndipo saponyanso mpira chaka chamawa.

Tiwerenge limodzi. Tinene kuti timu yamaliza sizoni mipando yonse 40 ili yodzaza, ndipo ili ndi ovulala 7 pa mndandanda wa masiku 60. Akabwerera, anthu akwana 47. Osewera 6 makontirakiti awo atha, achoka, atsala 41. Ndiye kuti mmodzi ayenera kuchotsedwa timu isanagule aliyense. Kenako pakati pa Novembala pamabwera tsiku lomaliza loteteza anyamata a m'matimu aang'ono, ndipo tinene kuti pali 4 ofunika kuwateteza. Apo ndiye kuti ochotsedwa akwana 5. Masapota akufunanso oponya awiri ndi womenya mmodzi pa msika: ochotsedwa akwana 8. Mukamva kuti timu yanu yatumiza woponya wothandiza ku timu ina posinthana ndi mnyamata wa zaka 18 amene simunamumvepo, musathamangire kunena kuti abwana asokonezeka. Kawirikawiri chimene agula pamenepo ndi mpando, chifukwa mnyamata wa zaka 18 uja safuna mpando kwa zaka zingapo zikubwerazi.

Chimene chimawakakamiza kuteteza anyamata ndi Rule 5 draft, yomwe imachitika pa misonkhano ya Winter Meetings mu Disembala. Lamulo lake ndi ili: mnyamata amene anasaina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kupatsidwa mpando pa 40 paja akakwanitsa masizoni 5; amene anasaina ali ndi zaka 19 kapena kuposerapo, akakwanitsa masizoni 4. Akapanda kupatsidwa, timu ina iliyonse yokhala ndi mpando wotseguka ikhoza kumutenga pa madola 100,000. Koma pali chingwe chake. Timu yomutengayo iyenera kumusunga m'gulu la ligi yayikulu sizoni yonse, osamutsitsa ku timu yaing'ono. Ikalephera, imamudutsitsa pa waivers, pamene matimu ena onse amakhala ndi mwayi womutenga, ndipo akapanda kutengedwa imamubweza kwawo pa madola 50,000.

Chingwe chimenechi ndi chimene chimatiuza woyenera kutetezedwa. Funso si lakuti mnyamata waluso kwambiri ndi uti. Funso ndi lakuti ndi uti amene timu ina ingathe kumubisa pakati pa anthu 26 kwa miyezi 6. Woponya wa liwiro amabisika mosavuta: amakhala ku bullpen, gulu la oponya olowa m'malo mwa woyamba, n'kumalowa masewero akatha kale ntchito, timu ikutsogola kapena kutsalira kwambiri. Womenya wa ku Single-A amene amasewera pa first base pokha sabisika, chifukwa pa benchi pamakhala anthu 4 okha, mmodzi mwa iwo ndi catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) wachiwiri, ndipo otsalawo ayenera kudziwa kusewera malo angapo. N'chifukwa chake mumaona woponya wosatchuka akutetezedwa pamene womenya amene magazini amamutama wasiyidwa poyera. Garrett Whitlock anasiyidwa ndi Yankees atachitidwa opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John, Red Sox n'kumutola mu Disembala 2020, ndipo mu 2021 anamaliza ndi ERA ya 1.96 (ERA ndi avereji ya mapointi amene woponya amapereka pa zigawo 9 za masewero, zotchedwa ma-inning; ikachepa ndiye bwino). Johan Santana anasiyidwa ndi Astros mu 1999, anatengedwa ndi Marlins n'kugulitsidwa tsiku lomwelo ku Twins. Chaka choyamba ERA yake inali 6.49, koma Twins inalimba mtima n'kumusunga, ndipo anadzawina mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse m'ligi yake, mu 2004 ndi 2006. Onse awiri ndi oponya, ndipo si mwangozi.

Kuteteza nako kuli ndi mtengo wake umene masapota timauiwala. Mnyamata akangopatsidwa mpando, wotchi ya ma-option imayamba kuyenda. Aliyense amakhala ndi zaka 3 zimene timu ingamutsitse ku ligi yaing'ono popanda kupempha wina aliyense, ndipo chaka chimawerengedwa kuti chapita akakhala kumeneko masiku 20. Mukamuteteza msanga mnyamata wa ku High-A, zaka zitatu zija zimatha akuphunzirabe, ndipo pamene wayamba kupsa mulibenso njira yomutsitsira popanda kumudutsitsa pa waivers. Ambiri amatayika motero kumapeto kwa Malichi. Mukamaona mndandanda wa timu yanu, lembani pambali pa dzina lililonse kuti watsala ndi ma-option angati. Bullpen ya anthu 8 imene onse ma-option anawathera ndi yowuma: oponya akatopa pambuyo pa masewero aatali, palibe amene mungamutsitse kuti mukweze wa mkono watsopano.

Tsopano zaka. Chaka chimodzi cha ntchito m'ligi yayikulu ndi masiku 172, pamene sizoni yonse imatenga masiku pafupifupi 187. Zaka zitatu zoyambirira timu ndiyo imanena malipiro, ndipo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi malipiro otsikitsitsa, omwe anali madola 760,000 mu 2025. Zaka zitatu zotsatira wosewera amakhala ndi ufulu wa arbitration, wopita kwa oweruza kuti agamule malipiro ake. Zikakwana 6 amakhala mfulu, amapita kumene akufuna. Pali kagulu kotchedwa Super Two, 22 peresenti ya amene ali ndi masiku ambiri pakati pa zaka ziwiri ndi zitatu, kamene kamalowa arbitration chaka chimodzi msanga.

Kusiyana kwa 187 ndi 172 kwapweteketsa anyamata ambiri. Kris Bryant anamenya ma-home run 9 pa masewero okonzekera a 2015, koma Cubs inamutumiza ku timu yake yaing'ono ya ku Iowa n'kudzamukweza pa 17 Epulo. Anamaliza chaka ndi masiku 171, kupereweza limodzi lokha, ndipo anakhala mfulu kumapeto kwa 2021 m'malo mwa 2020. Anadandaula, mlandu n'kuutaya mu 2020. Mgwirizano wa eni matimu ndi osewera wa 2022 unayesako kukonza zimenezi. Mnyamata wotchuka akayamba sizoni m'ligi yayikulu n'kuwina Rookie of the Year, mphoto ya wosewera watsopano wopambana, timu yake imapatsidwa mwayi wowonjezera pa draft ya pachaka yosankha anyamata atsopano, monga inachitira Mariners chifukwa cha Julio Rodríguez. Ndipo amene wakhala woyamba kapena wachiwiri pa mavoti a mphotoyo amapatsidwa chaka chathunthu ngakhale anakwezedwa mochedwa. Paul Skenes anayamba kuponyera Pirates mu Meyi 2024, anawina mphotoyo, ndipo chaka chonse chinawerengedwa. Pirates inataya ponseponse: sinapeze mwayi wa pa draft, chaka chowonjezera sichinapezekenso. Ine ndimaona kuti mnyamata amene wapsa ayambe ndi anzake pa tsiku loyamba. Masewero a Epulo amawerengedwa chimodzimodzi ndi a Sepitembala.

Arbitration ndi imene imabala zodabwitsa za kumapeto kwa Novembala. Timu iyenera kunena ngati ikupereka kontirakiti kwa wosewera aliyense amene sanakwanitse zaka 6, ndipo ikapereka siingadule malipiro ake kuposa 20 peresenti. Ndiponso mwambo wa arbitration ndi wakuti malipiro amakwera kapena kuima, ngakhale munthu atasewera moipa. Cody Bellinger anali MVP, wosewera wopambana onse, wa National League mu 2019. Mu 2021 anamenya .165 (ngati kumenya bwino maulendo 165 okha pa 1,000), mu 2022 anamenya .210 akulandira madola 17 miliyoni. Dodgers inamumasula, Cubs inamutenga chaka chimodzi pa madola 17.5 miliyoni, iye n'kumenya .307. Masapota a Dodgers anali ndi chifukwa chodandaulira, koma pa tsiku limene chisankho chinkapangidwa, patebulo panali zaka ziwiri zoipa ndi chaka chimodzi chokha chotsala. Chisankho tizichiyeza ndi zimene zinkadziwika tsiku limenelo.

Amene sanagwirizane pofika pakati pa Januwale amapereka manambala awo, wosewera yake, timu yake, ndipo oweruza atatu amasankha imodzi mwa ziwirizo, yapakati kulibe. Kuti ipambane, timu imayenera kunena zofooka za wosewera wake iye ali pompo akumva. Mu 2023 Brewers inalimbana ndi Corbin Burnes, amene anawina Cy Young mu 2021: iye ankafuna madola 10.75 miliyoni, timu 10.01 miliyoni. Timu inapambana, Burnes ananena poyera kuti ubale wawonongeka, ndipo mu Febuluwale 2024 anagulitsidwa ku Orioles. Madola 740,000 ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtima wa woponya wanu woyamba.

Pa msika wa osewera aufulu sindikhalitsapo, chifukwa ndi pamene aliyense amayang'ana kale. Pali zinthu ziwiri zokha zimene zimabisika kuseri kwa nambala yayikulu ija. Choyamba ndi qualifying offer, kontirakiti ya chaka chimodzi imene timu imapereka kwa wosewera wake amene akuchoka. Mtengo wake ndi avereji ya malipiro 125 apamwamba, ndipo kumapeto kwa 2024 inali madola 21.05 miliyoni. Akaikana, timu yomusainitsa imataya mwayi pa draft. Timu imene inalipira msonkho wa malipiro, umene umagwera matimu amene malipiro a osewera onse pamodzi adutsa malire, imataya mwayi wake wachiwiri ndi wachisanu, kuphatikizapo madola 1 miliyoni pa thumba logulira anyamata a kunja kwa America. Chachiwiri ndi msonkhowo. Malire ake anali madola 241 miliyoni mu 2025 ndipo ndi 244 miliyoni mu 2026. Kudutsa koyamba ndi 20 peresenti ya ndalama zopitirirazo, chaka chachiwiri chotsatizana 30, chachitatu 50, ndipo pali zowonjezera kwa opitirira kwambiri. Chimene chimawerengedwa ndi avereji ya kontirakiti pa chaka, osati ndalama zimene munthu walandira chaka chimenecho. Shohei Ohtani anasaina madola 700 miliyoni a zaka 10 ndi Dodgers mu Disembala 2023, koma 680 miliyoni adzalandira kuyambira 2034 mpaka 2043, choncho pa msonkho amawerengedwa pafupifupi 46 miliyoni pa chaka, osati 70. Juan Soto anasaina 765 miliyoni a zaka 15 ndi Mets chaka chotsatira popanda ndalama zochedwetsa. Manambala awiriwa amaoneka oyandikana, koma kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Mkangano umene umatentha kuposa yonse ndi wa anyamata ongophukira kumene: tiwasunge kapena tigulire osewera okhwima? Mbali iliyonse ili ndi nkhani yake yoopsezera inzake. Osunga amakumbutsa za White Sox, imene mu Juni 2016 inapereka Fernando Tatis Jr. wa zaka 17 ku Padres kuti ipeze James Shields, ndi za Dodgers imene chaka chomwecho inapereka Yordan Alvarez ku Astros posinthana ndi Josh Fields, Alvarez asanaisewerere n'kamodzi komwe. Ogulitsa amakumbutsa za Mookie Betts. Mu Febuluwale 2020 Red Sox inamutumiza ku Dodgers pamodzi ndi David Price n'kulandira Alex Verdugo, Connor Wong ndi Jeter Downs. Downs, amene anali mnyamata wotamandidwa kwambiri pa malondawo, anasewera masewero ochepa chabe ku Boston n'kuchotsedwa mu Disembala 2022. Betts anasaina zaka 12 ndi Dodgers n'kuwina World Series chaka chomwecho cha 2020. Nkhani zonsezi n'zoona, ndipo palibe imene ingatiuze chochita ndi mnyamata amene tili naye lero. Pamafunika kumuwerenga iyeyo.

Ofufuza luso amapereka magiredi kuyambira 20 mpaka 80 pa chida chilichonse cha wosewera: kumenya, mphamvu, liwiro, kuwakha ndi mkono. Pa 50 ndiye pakati pa ligi yayikulu, 60 ndi pamwamba, 80 ndi osowa. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Mnyamata amene giredi yake yonse ndi 50 ndi mnyamata wabwino ndithu, koma chimene akunena ndi chakuti zinthu zikamuyendera adzakhala wosewera wamba wa tsiku ndi tsiku. Sakunena kuti adzakhala katswiri. Wa 45 ndi wa pa benchi kapena wosewera mosinthana ndi mnzake. Anyamata ambiri amene ali pa nambala 5 mpaka 15 pa mndandanda wa anyamata aluso a timu yanu ali m'gulu limeneli, ndipo kukana kugulitsa mmodzi wa iwo kuti mupeze woponya wotsimikizika ndi kukonda dzina chabe.

Ndikamayang'ana womenya, ndimayamba ndi zaka zake poyerekeza ndi ligi imene ali. Wa zaka 20 amene akulimbalimba ku Double-A ndi wamtengo kuposa wa zaka 24 amene akuphwanya mipira ku High-A, chifukwa wachiwiriyo akumenya ana. Kenako ndimaona kuti mwa maulendo 100 opita kukamenya, ndi angati amene amatuluka ndi strikeout (kuphonya katatu) ndipo ndi angati amene amapatsidwa walk (kupita pa first base woponya akaponya mipira inayi yoipa). Amene akutuluka maulendo 30 kapena kuposerapo ku Double-A ali pa ngozi, chifukwa oponya a m'ligi yayikulu ali ndi mipira yokhota imene iye sanaionepo, ndipo nambalayo kawirikawiri imakwera akafika pamwamba. Chachitatu ndi bwalo. Matimu angapo a Triple-A a mu Pacific Coast League amasewera pa mtunda wokwera, monga Albuquerque, Reno ndi Salt Lake City. Ku Albuquerque bwalo lili pa mamita oposa 1,500, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka kutali ndipo wokhota sukhota bwino. Ma-home run 30 a kumeneko muwachotsere ndithu, ndipo woponya wa ERA ya 5.00 kumeneko musamutaye msanga. Chomaliza ndi malo amene amasewera. Wa pa shortstop, center field kapena catcher akhoza kumenya mwa apo ndi apo n'kukhalabe wothandiza. Wa pa first base akalephera kumenya alibe kothawira.

Oponya ndiwo amaswa mitima. Chigongono chikaduka mtsempha, opaleshoni imene Dr. Frank Jobe anayamba kuichita pa Tommy John mu 1974 imabweza ambiri, koma imadya miyezi 12 mpaka 18, ndipo mnyamata amene ali kale pa mipando 40 amakhala ataphimba mpando nyengo yonse yopuma. Ngakhale chigongono chili bwino, njira yake ndi yaminga. Mark Appel anasankhidwa woyamba pa draft ya 2013, patsogolo pa Bryant yemwe uja, ndipo anadzaponya koyamba m'ligi yayikulu mu 2022 ali ndi zaka 30, atavala yunifomu ya Phillies. Choncho maganizo anga ndi awa: ngati timu ili pafupi kupikisana ndipo pakufunika kugulitsa, agulitsidwe woponya amene adakali kutali ku Single-A, kapena mnyamata amene akufunika mpando Novembala akubwerayu koma malo ake ali ndi mwini kale. Womenya wamng'ono amene wafika ku Double-A, amasewera pakati pa bwalo ndipo sathamangira mipira yoipa, ameneyo asungidwe, pokhapokha wobwerayo ali ndi zaka zingapo zotsala.

Zaka zotsalazo ndizo zimaika mtengo. Taonani Soto yemwe uja. Mu Ogasiti 2022, atatsala ndi zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, Padres inapereka ku Nationals James Wood, CJ Abrams, MacKenzie Gore, Robert Hassell III, Jarlin Susana ndi Luke Voit kuti ipeze iye ndi Josh Bell. Mu Disembala 2023, atatsala ndi chaka chimodzi, Yankees inamutenga pamodzi ndi Trent Grisham popereka Michael King, Drew Thorpe, Jhony Brito, Randy Vásquez ndi Kyle Higashioka. Munthu ndi yemweyo, luso ndi lomwelo, koma mtolo wachiwiri unapepuka chifukwa zaka zinachepa. Matimu a ndalama zochepa amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amagula zaka mnyamata asanakwere mtengo. Brewers inapatsa Jackson Chourio madola 82 miliyoni a zaka 8 mu Disembala 2023 asanasewere ngakhale kamodzi m'ligi yayikulu.

Pali masamu ena amene ndimafuna sapota aliyense achite asanaweruze kuti timu yake yachita bwino kapena ayi. Masewero 162 a ma-inning 9 ndi ma-inning pafupifupi 1,450 ofunika kuponyedwa. Ngati oyamba akuponya ma-inning 5 ndi pang'ono pa masewero aliwonse, gawo lawo ndi pafupifupi 850, ndipo bullpen imatsala ndi 600. Lembani oponya anu asanu oyamba, ndipo pambali pa aliyense mulembe ma-inning amene anaponya chaka chatha, osati amene mukulakalaka. Wina 180, wina 160, wina 130, wina anavulala anaponya 70, wachisanu ndi mnyamata amene sanapitirirepo 110 ndipo timu siimulola kulumpha kufika 180. Zonse pamodzi ndi 650. Atsala 200, ndipo amene adzawaponya ndi woponya wachisanu ndi chimodzi mpaka wachikhumi, anthu amene mayina awo samveka mu Disembala. Timu imene yagula katswiri mmodzi koma ilibe oponya atatu a ma-option ku Triple-A idzaonekera mu Julayi.

Ndiye mukaona timu yanu yakhala chete mu Januwale, ikungosainitsa akadaulo akale pa makontirakiti a ligi yaing'ono n'kuwaitana ku spring training, zokonzekera sizoni, dziwani kuti kontirakiti yotere sifuna mpando mpaka tsiku limene munthuyo wakwezedwa. Mndandanda wa ovulala wa masiku 60 umatsegukanso pakati pa Febuluwale, oponya ndi ma-catcher akafika ku Arizona ndi ku Florida. Tsiku limenelo oponya awiri kapena atatu a opaleshoni amachoka pa mipando yawo, ndipo makontirakiti amene anagwirizana kale pakamwa amalengezedwa sabata yomweyo.